Sikelo ya agogo ku Lizulu ndi kompyuta ya ku Moscow yowerenga patatu

Tsiku loyamba la phunziro la makompyuta ku yunivesite, aphunzitsi athu analemba manambala awiri pa bolodi: 0 ndi 1. Atatembenuka anatiuza kuti kompyuta sidziwa kanthu kena koma ziwirizi. Magetsi ayaka kapena azima, eya kapena ayi. Tonse tinakopera m'makope. Ine ndinazilandira ngati zoti dzuwa limatulukira kum'mawa, ndipo kwa zaka ziwiri sindinafunsepo ngati zinthu zinayeneradi kukhala choncho.

Aphunzitsiwo sananame. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi, laputopu yanga, makina otapira ndalama kubanki, zonsezi zimawerenga pawiri, kumene pa Chingerezi amati binary. Koma nkhani ili ndi mbali ina imene sinalowe mu silabasi. Kunali anthu amene anapanga makompyuta owerenga patatu, otchedwa ternary. Makinawo anagwira ntchito, anagulitsidwa, anaphunzitsa ophunzira ngati ife, kenako anasiyidwa. Lero amene akufuna kuwakhudza amadalira mapulogalamu otsanzira, amene timawatchula kuti ma emulator. Ndikufuna ndikufotokozereni mbiri imeneyi, chifukwa ndikuona kuti muli phunziro lokhudza ntchito zimene ife ophunzira timapanga n'kuzitaya chaka ndi chaka. Koma ndiyambira kwathu ku Ntcheu, chifukwa n'kumene ine ndinaimvetsera.

Agogo anga aamuna anali ndi kagolosale kufupi ndi Lizulu, paja msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Pamsika wa Lizulu zambiri zimagulitsidwa pamulu kapena pandowa, kaya ndi mbatatesi, kabichi, tomato kapena anyezi. Koma mchere, shuga ndi misomali agogo ankayeza pa sikelo yachitsulo ya mbale ziwiri. Golosale inatsekedwa kalekale, koma sikeloyo ikadalipo kunsi kwa bedi lawo, pamodzi ndi miyala yake itatu yotsala: wa kilogalamu 1, wa makilogalamu 2 ndi wa makilogalamu 5. Panali wina wa makilogalamu 2 umene unasowa golosale ikadali yotsegula.

Patchuthi china ndinaitulutsa kuti ndiipukute dzimbiri, ndipo ndinawafunsa:

"Agogo, nanga munthu akafuna makilo anayi munkatani, poti mwala winawo unasowa?"

Anandiyang'ana modabwa. "Iwe mdzukulu wanga, sukulu yonseyi osadziwa zimenezo? Wa faifi umauika uku. Wa wani umauika pamodzi ndi mcherewo. Mbale zikalingana, mchere ndi folo."

Zinali zophweka mochititsa manyazi. Komabe ndinagona nazo. Pa sikelo ya mbale ziwiri mwala uliwonse uli ndi malo atatu, osati awiri. Ukhoza kukhala m'mbale ya miyala, n'kumaonjezera. Ukhoza kukhala m'mbale ya katundu, n'kumachotsera. Kapena ukhoza kungokhala pathebulo osagwira ntchito. Kuonjezera, kuchotsera, kusakhalapo: +1, -1 ndi 0. Amenewa ndiwo manambala atatu a mawerengero amene akatswiri amawatcha balanced ternary.

Masamu ake ndi akale kwambiri. M'buku la Fibonacci lotchedwa Liber Abaci, la m'chaka cha 1202, muli funso ili: ndi miyala inayi iti imene ingayeze kulemera kulikonse kuyambira 1 mpaka 40? Yankho ndi 1, 3, 9 ndi 27, malinga ngati ukuloledwa kuika miyala mbali zonse ziwiri. Kuti uyeze 2, uika wa 3 uku, wa 1 kwa katundu. Kuti uyeze 8, uika wa 9 uku, wa 1 kwa katundu, wa 3 n'kuusiya pathebulo. Kuti uyeze 20, wa 27 ndi wa 3 apita mbali imodzi, wa 9 ndi wa 1 apita kwa katundu. Ukamaika miyala mbali imodzi yokha, monga imachitira binary, ufunika miyala isanu ndi umodzi kuti ufike pa 40: 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32.

Tikalemba 20 m'njira imeneyi, kuyambira mwala waukulu, timapeza + - + -. Nanga -20? Ingosinthani miyala mbale: - + - +. Amene munavutikapo ndi two's complement m'chaka choyamba mukuona kale kukoma kwake. Palibe malo apadera osungira chizindikiro choti nambala ndi yapansi pa ziro. Kuchotsera ndi kuphatikiza komwe, bola watembenuza zizindikiro. Ndipo ukadula manambala akumapeto, chotsalacho chimakhala nambala yoyandikira kwambiri, popanda lamulo lina loti ukweze kapena utsitse. Donald Knuth, m'buku lachiwiri la The Art of Computer Programming, anayamikira kwambiri kukongola kwa mawerengero amenewa.

Munthu woyamba wodziwika kuti anapanga makina owerenga chotere sanali pulofesa. Anali Thomas Fowler wa m'tauni ya Great Torrington ku Devon, ku England, amene anabadwa mu 1777. Ankasindikiza mabuku, ankagwira ntchito kubanki, komanso anali msungichuma wa bungwe loona za anthu osauka m'dera lake. Ntchito yomalizayi inkafuna kuwerengera ndalama zimene dera lililonse liyenera kusonkha, ndipo ndalamazo zinali za mapaundi, masheleni ndi makobiri, zija za makobiri 12 pa sheleni ndi masheleni 20 pa paundi. Agogo athu amazikumbuka, chifukwa nafenso tinkagwiritsa ntchito zomwezo mpaka kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971. Pofuna kudzipeputsira mutu, mu 1840 Fowler anapanga makina amatabwa ochulukitsa manambala m'mawerengero a patatu.

Fowler anali ndi bala. Zaka za m'mbuyomo anatulukira njira yotenthetsera nyumba ndi madzi oyenda m'mapaipi, koma anthu ena anamubera nzeruyo posintha tinthu tochepa. Motero makina atsopanowa anawapanga yekha, mobisa, ndipo sanafune kufalitsa zojambula zake. Anamwalira mu 1843, makinawo n'kusowa. Chimene chinatsala ndi kalongosoledwe kachidule kamene analemba katswiri wa masamu Augustus De Morgan, ndi chithunzi cha makinawo pa zenera la tchalitchi cha ku Torrington. Panapita zaka zoposa 150 kuti injiniya wina, Mark Glusker, apange chofanizira chake potsatira mawu a De Morgan aja. Sungani nkhani ya Fowler, tibwereranso.

Makompyuta amagetsi atayamba, binary sinali yokha pabwalo. ENIAC, imene inamalizidwa ku America mu 1945, inkawerenga m'makumi monga timachitira ife. Panthawiyo funso loti makina aziwerenga pangati linali lotseguka, ndipo ku Moscow kunapezeka anthu amene analiyankha mosiyana.

Cha m'ma 1956, Moscow State University inkafuna kompyuta yaing'ono, yotsika mtengo, yosavuta kuphunzira, yoti ophunzira ndi ofufuza azigwiritsa ntchito. Katswiri wa masamu Sergei Sobolev ndiye analimbikitsa zoti yunivesiteyo ipange yakeyake, ndipo ntchitoyo inagwera injiniya wachinyamata Nikolay Brusentsov, wobadwa mu 1925 ku Ukraine, amene pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali woyendetsa mawailesi. Zipangizo zinali zosowa. Machubu amagetsi amene makompyuta a nthawiyo ankadalira ankapsa pafupipafupi komanso ankadya magetsi ambiri, pamene ma transistor anali asanachuluke. Brusentsov anasankha timphete ting'onoting'ono ta maginito ndi ma diode, ndipo gulu lake linkakulunga waya pa timpheteto ndi manja. Poona momwe magetsi amayendera m'tizipangizo timeneti, kulowera uku, kulowera uko kapena osayenda, anaona kuti mawerengero a patatu akugwirizana nato.

Makinawo anayamba kugwira ntchito chakumapeto kwa 1958. Anawatcha Setun, dzina la kamtsinje kamene kamadutsa kufupi ndi yunivesiteyo, monga mmene ife tikanatchera makina athu kuti Rivirivi kapena Livulezi. M'malo mwa bit, Setun inkagwiritsa ntchito trit. Nambala imodzi inkatha kutenga ma trit 18, amene amasunga manambala osiyanasiyana oposa 387 miliyoni. Inali ndi malamulo 24 okha, ndipo inkachita masamu masauzande ochepa pa sekondi imodzi. Lero foni yotchipa ya pamsika wa Ntcheu imaiposa kutalitali, koma panthawi yake inali kompyuta yodalirika, yosachedwa kuphunzira komanso yotsika mtengo. Fakitale ya mumzinda wa Kazan inapanga makina pafupifupi 50, ndipo ambiri anapita m'masukulu aukachenjede m'madera osiyanasiyana a Soviet Union. Mu 1965 kupanga kunaimitsidwa.

N'chifukwa chiyani? Brusentsov mwini wake ankafotokoza kuti akuluakulu oyang'anira mafakitale sankaikonda Setun. Inachokera ku yunivesite, kunja kwa mapulani awo, ndipo kutsika mtengo kwake kunachititsa kuti fakitale isaone phindu poipanga. Awa ndi mawu a mwini ntchito, ndipo mwini ntchito amakhala ndi mbali yake. Koma pali chinanso chimene sichitsutsika. Mu 1964 kampani ya IBM inalengeza makompyuta a System/360, amene anafala kwambiri padziko, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la Soviet Union linasankha kupanga makina otengera amenewo kuti lizigwiritsa ntchito mapulogalamu opangidwa kale. Chiganizo chimenecho chitachitika, makina a mtundu wawokha analibenso malo.

Ndisakunamizeni kuti binary inapambana mwa ndale zokha. Transistor imagwira bwino ntchito ngati switchi, yoyaka kapena yozima, ndipo kusiyanitsa milingo iwiri ya magetsi n'kosavuta kuposa kusiyanitsa itatu, makamaka magetsi akamagwedezeka. Ngakhale Setun yomwe, posunga trit imodzi inkagwiritsa ntchito timphete tiwiri, timene tikanatha kusunga ma bit awiri. Phindu limene anthu amatchula loti 3 ndi nambala yosawononga malo nalonso ndi lochepa. Kuti ulembe manambala ofika 1 miliyoni ufunika malo 20 mu binary kapena 13 mu ternary. Ukachulukitsa malowo ndi zizindikiro zofunika pamalo aliwonse, upeza 40 ndi 39. Kusiyana kumeneko sikungagwetse fakitale imene inamangidwa kale. Chimene ndikunena n'chakuti binary inapambana pa zifukwa zosakanikirana: zipangizo, ndalama, kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito, ndi ziganizo za anthu okhala m'maofesi. Sikuti linali lamulo la chilengedwe.

Brusentsov sanagonje. Mu 1970 gulu lake linamaliza Setun-70, imene inapangidwa imodzi yokha. Apa ndi pamene panabwera mawu akuti tryte, kutanthauza ma trit 6, amene amasunga manambala 729 pamene byte imasunga 256. Makinawa pambuyo pake anakhala maziko a njira yophunzitsira ophunzira pa kompyuta yotchedwa Nastavnik. Zitaoneka kuti makina ena a patatu sadzapangidwanso, gululo linasamutsira kapangidwe ka Setun-70 pa makompyuta wamba a binary kudzera mu pulogalamu yotchedwa DSSP, yofananirako ndi chinenero cha Forth. Thupi linafa, koma nzeru yake inasamukira m'nyumba ya mnzake. Brusentsov anamwalira mu 2014 akukhulupirirabe kuti njira yake inali yabwino.

Apa ndiye tafika pa ma emulator. Amene munaseweretsapo magemu a PlayStation pafoni ya Android mukuwadziwa kale. Emulator ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta yako kudziyerekeza kuti ndi makina ena. Imasunga m'chikumbumtima chake chithunzi cha ziwalo za makinawo, n'kumawerenga malamulo awo limodzilimodzi ndi kuchita zimene makina enieniwo akanachita.

Ku America, mu 1973, Gideon Frieder ndi anzake ku State University of New York ku Buffalo analemba emulator yotchedwa Ternac. Anailemba m'chinenero cha FORTRAN pa kompyuta ya Burroughs B1700, pofuna kuona ngati masamu a patatu angayende pa makina a binary, komanso kuti zingadye nthawi ndi malo ochuluka bwanji. Intaneti itafala, ntchitoyi inachoka m'mayunivesite n'kulowa m'manja mwa anthu ongoikonda. Cha m'ma 2008, Viktor Lofgren anatulutsa Tunguska, emulator ya kompyuta ya patatu imene sinakhalepo ndi kale lonse. Anatengera kapangidwe ka 6502, purosesa ya mu 1975 imene inali mu Apple II, koma anaisandutsa ya ma trit. Ku Russia nako anthu okonda mbiri imeneyi analemba ma emulator a Setun yeniyeniyo, ena otha kutsegulidwa pa browser. Mapulogalamu ambiri otere ndi aulere, ndipo code yake ili poyera kuti aliyense awerenge ndi kusintha.

Ine nditawerenga zonsezi ndinayesa kulemba kanga kakang'ono mu Python, patchuthi chomwecho, pakhonde la agogo, ndikuthamangitsana ndi batire ya laputopu. Ndinayamba ndi kuphatikiza ma trit awiri, ndipo ndinakakamira pomwepo. Kodi +1 kuphatikiza +1 ndi chiyani, pamene chizindikiro cha 2 palibe? Ndinakhala madzulo onse ndikulemba ndi kufufuta, mpaka ndinakumbukira sikelo. Palibe mwala wa 2, choncho uika wa 3 n'kuchotsera wa 1. Ulemba -1, n'kunyamula +1 kupita pamalo otsatira. Zitatheka, ndinaonjezera malo ochepa osungira manambala ndi malamulo asanu, kuphatikizapo lamulo limodzi lodumpha limene limasankha njira zitatu nthawi imodzi: nambala ikakhala yoposa ziro pita uku, ikakhala ziro pita apa, ikakhala yochepera pita uko. Setun inalinso ndi malamulo odumpha potengera zizindikiro zitatuzi.

Kapulogalamu kanga n'kochedwa ndipo sikangathandize munthu aliyense. Koma m'masabata awiri amenewo ndinamvetsa momwe purosesa imagwirira ntchito kuposa mmene ndinamvera m'semesita yonse. Chifukwa chake n'chakuti mu binary mayankho onse ndinali nditawaloweza kale, ndiye ndinkangobwereza. Mu ternary munalibe choloweza. Chilichonse ndinayenera kuchifunsa kuti chimachitikiranji.

Mnzanga wina wa m'kalasi nditamuonetsa anaseka. "Aise, anthu akufuna ntchito kunjaku, iwe uli busy ndi kompyuta yakufa ya ku Russia? Ndani adzakulembe ntchito ndi zimenezo?" Funso lake ndi lachilungamo, ndipo sindinganene kuti pali kampani ku Blantyre kapena ku Lilongwe imene ikusaka odziwa ternary. Ndivomerenso kuti emulator si makina enieni. Pansi pake pamakhalabe ma bit, ndipo trit iliyonse imadya malo oposa bit imodzi. Singakuuze ngati kompyuta yeniyeni ya patatu ingadye magetsi ochepa kapena kuthamanga kwambiri. Imangokuonetsa kaganizidwe kake.

Koma kusunga kaganizidwe si chinthu chaching'ono, ndipo ife a ku Ntcheu tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Timadzitcha Angoni a kwa Gomani, koma chimene timalankhula pakhomo ndi Chichewa. Makolo athu atakhazikika m'dera lino anakwatirana ndi anthu amene anawapeza ndi amene anawatenga m'njira, ana n'kumakula ndi chinenero cha amayi awo. Atsamunda atapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, mphamvu za ufumuwo zinachepa. Chingoni sichinazilale chifukwa choti chinali chinenero choperewera. Chinachepekedwa olankhula. Lero chimamveka m'nyimbo za ngoma, m'mayina aulemu ndi pamwambo wa Umhlangano kwa Nkolimbo, chikutuluka m'kamwa mwa anthu amene amaganiza m'Chichewa. Kuimba nyimbo si kulankhula chinenero, monganso emulator si makina. Komabe mwana wofuna kuphunzira ali ndi poyambira, chifukwa pali anthu amene sanalole kuti zonse zikwiririke.

Ndipo nthawi zina chimene chinasungidwa chimadzafunikanso. Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera. Mu 2019 ofufuza a ku UNIST ku South Korea, motsogozedwa ndi Kyung Rok Kim, anafalitsa zotsatira za tizipangizo ta silicon togwira ntchito ndi milingo itatu, topangidwa m'njira zimene mafakitale amagwiritsa ntchito kale. Mu February 2024 ofufuza a ku Microsoft anatulutsa BitNet b1.58, njira yopangira mapulogalamu a AI imene nambala iliyonse yamkati mwake imangokhala -1, 0 kapena +1. Dzinalo likuchokera pa mfundo yakuti trit imodzi imanyamula uthenga wofanana ndi ma bit pafupifupi 1.58. Phindu lake n'lomwe lija la pa sikelo: m'malo mochulukitsa manambala aakulu, makina amangoonjezera, kuchotsera kapena kudumpha, motero amafuna malo ochepa ndi magetsi ochepa. BitNet imayenda pa makompyuta a binary, ndipo sindikulosera kuti Setun idzauka. Ndikungoti kwa dziko longa lathu, kumene magetsi ndi osadalirika ndipo makompyuta amphamvu ndi okwera mtengo, nzeru iliyonse yochepetsa zofunika pa kompyuta ndi yoyenera kuitchera khutu. Ngakhale amene mumalemba SQL mumakumana ndi utatu tsiku lililonse: funso likakhudza NULL, yankho silikhala eya kapena ayi, limakhala kaya.

Tsopano tibwerere kwa Fowler, chifukwa phunziro limene ine ndatolapo lili pakati pa iye ndi Brusentsov. Onse awiri anali ndi nzeru yofanana. Onse awiri anagonja pamsika. Koma makina a Fowler anatsala pang'ono kuiwalika kotheratu chifukwa mwini wake, poopa akuba, anabisa. Chikhala kuti De Morgan sanalembe masamba ochepa aja, bwenzi lero tilibe chogwira. Brusentsov ndi anzake analemba. Anafalitsa kapangidwe ka makina awo, malamulo ake ndi mapulogalamu ake m'mabuku ndi m'magazini a sayansi. N'chifukwa chake munthu amene sanaionepo Setun akhoza kuiukitsa pa laputopu patapita zaka zoposa 60. Emulator simalembeka popanda wina amene analongosola makinawo bwinobwino.

Taganizirani za ife. Chaka chilichonse ophunzira a makompyuta ndi a uinjiniya m'dziko muno amapanga ma project a chaka chomaliza. Wina makina othirira mbewu okha, wina pulogalamu yolondolera mitengo ya mbewu m'misika, wina kachipangizo koyezera madzi a m'chitsime. Ambiri mwa ife timabisa code poopa kuti anzathu atibera, ndipo mantha amenewo ali ndi chifukwa chake, monga analili a Fowler. Tikamaliza mayeso, lipoti limakaunjikidwa pa shelefu, code imatsala pa flash, flash imagwidwa virus kapena kusowa m'minibasi. Pakatha zaka ziwiri wophunzira wina amayambanso ntchito yomweyo kuchokera pa ziro, n'kulakwitsa momwe tinalakwitsira ife. Zambiri mwa ntchitozi sizidzafika pamsika, chifukwa tilibe mafakitale ngati a ku Kazan, ndipo amene amagula zipangizo m'maofesi amakonda zochokera kunja zimene zinayesedwa kale, monga anachitira akuluakulu a ku Moscow posankha kutengera IBM. Zimenezo sitingazisinthe mawa. Chimene tingasinthe ndi chakuti ntchito yathu ikagonja, igonje ngati ya Brusentsov, osati ngati ya Fowler.

Choncho pempho langa kwa anzanga ndi laling'ono. Koperani emulator imodzi, kaya ya Setun, kaya Tunguska, kaya ya purosesa ina yakale, muwerenge code yake. Ngati mungathe, lembani yanu, ngakhale ya malamulo asanu ngati yanga. Simufunika labu kapena chilolezo cha munthu, laputopu yakale ndi bandulo yochepa zikwana. Kwa ife amene sitingapange purosesa yeniyeni, emulator ndiyo malo okhawo amene tingayesere kapangidwe ka makina kamene palibe wina anakayesapo. Ndipo chilichonse chimene mwapanga, chilembeni momveka, muike dzina lanu ndi tsiku, muchiike poyera pa GitHub kapena pena paliponse pamene munthu angachipeze inu mutachoka. Dzina ndi tsiku zolembedwa poyera zimakutetezani kwa wakuba kuposa flash ya m'thumba.

Tsiku loti ndibwerere kusukulu ndinawaonetsa agogo kapulogalamu kanga. Ndinalemba 4, pa sikirini panatuluka + +, kutanthauza mwala wa 3 ndi wa 1 mbali imodzi. Ndinalemba 5, panatuluka + - -. Ndinawafotokozera kuti ndi wa 9 uku, wa 3 ndi wa 1 kwa katundu. Anawerengera pa zala, n'kugwedeza mutu.

"Ndiye azungu akewo anachita kupangira makina zimenezi?"

"Eya agogo, koma makinawo anasiya kupanga."

"Chifukwa ankanama?"

"Ayi, sankanama. Anthu anangosankha ena."

Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti ndibwezere sikelo kunsi kwa bedi, ndipo ndionetsetse kuti miyala yonse itatu ndaika m'kathumba kake. Code ya kapulogalamu kaja ndinaiika pa intaneti sabata yotsatira, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza momwe imagwirira ntchito, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Chitsanzo choyamba patsambalo ndi cha makilo anayi a mchere.